Mwapeza makamera a Hikvision m'nyumba koma pasiwedi palibe: kodi njira yawo yobwezera imathandiza?

Si zachilendonso masiku ano kulowa m'nyumba imene mwagula kapena kuchita lendi ku Area 47, ku Namiwawa kapena ku Katoto n'kupeza makamera atapachikidwa kale pageti, pakhonde ndi kuseri, mawaya ake atalowera m'siling'i. Bokosi lojambulira, limene amisiri amangoliti DVR kapena NVR, mumalipeza m'kabati likuthwanima, koma pasiwedi yake inapita ndi mwini wakale. Nthawi zina nayenso saidziwa, chifukwa amene anaika ndi mmisiri, ndipo nambala ya mmisiriyo inasiya kugwira kalekale. Tikuunika pano njira imene kampani ya Hikvision, ya mumzinda wa Hangzhou ku China, inakonza yoti mwini watsopano alowenso m'bokosi lotere: pulogalamu ya pakompyuta ya SADP yopezera zipangizo zake pa netiweki, thandizo la ogulitsa ake, ndi Hik-Connect, pulogalamu yoonera makamera pafoni. Zimenezi zikukhudzanso zipangizo za HiLook, chifukwa n'za kampani yomweyo.

Maganizo athu ndi akuti njirayi imagwiradi ntchito, Hikvision silipiritsa, ndipo zimene zinajambulidwa kale sizifufutika. Koma ili ndi zofooka ziwiri zimene zimapweteka kwambiri kuno kwathu. Imafuna kuti bokosi lisazime kwa maola angapo, ndipo ikatha imakusiyani mukuganiza kuti mwamaliza pamene mwini wakale akadaona pabwalo panu pafoni yake.

Musanayambe chilichonse, zulani waya wa netiweki kuseri kwa bokosi, uja wopita ku rauta. Kujambula kumapitirira bwinobwino, chimene chimaima n'kuonera patali basi. Anthu ambiri amachita zosiyana: amathamangira kulumikiza bokosilo ku rauta yawo yatsopano ya Airtel kapena TNM kuti aone ngati liyake. Likangopeza intaneti limadzilumikiza lokha ku akaunti yakale ya Hik-Connect, osafunsa munthu. Makamera ena alinso ndi maikolofoni, monga a analogi amene dzina lawo limathera ndi S, kapena a netiweki amene ali ndi U kumapeto, ndiye munthuyo amatha kumvanso zimene mukukamba pakhonde.

Mukatero tembenuzani bokosi n'kujambula sitika yake ndi foni. Pamenepo pali dzina la mtundu wake, nambala ya siriyo, ndipo pa ena akale pali khodi ya zilembo zazikulu zisanu ndi chimodzi yotchedwa Verification Code. Dzina likakhala ngati DS-7204HGHI kapena DS-7208HQHI, ndi DVR: makamera ake amabwera ndi waya wonenepa wozungulira wa RG59 wokhala ndi mutu wachitsulo wopotokola wa BNC, ndipo moto amalandira pa adaputala ya 12V. Likakhala ngati DS-7604NI kapena DS-7608NI, ndi NVR: makamera ake ndi a netiweki, ndipo ngati kumapeto kuli 4P kapena 8P ndiye kuti moto ukudutsa m'waya wa netiweki womwewo, njira yotchedwa PoE. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa makamera a DVR alibe pasiwedi, pamene kamera iliyonse ya NVR ili ndi yake. Wa DVR ali ndi ntchito yochepa kwambiri.

Lumikizani TV kapena sikirini pa HDMI kapena VGA, ndi mausi pa USB. Zipangizo zakale, za chaka cha 2015 chisanafike, zinkabwera ndi dzina la admin ndi pasiwedi ya 12345, ndipo amisiri ena sankaisintha, choncho yesani kamodzi. Zatsopano zilibe pasiwedi ya kufakitale. Woyamba kuyatsa amakakamizidwa kupanga yake ya zilembo 8 mpaka 16, yosakaniza mitundu iwiri kapena kuposa, monga manambala ndi zilembo. Musamangolota: admin akalakwitsa kasanu ndi kawiri bokosi limam'tsekera kunja kwa kanthawi. Dinani pamene alemba Forgot Password pakona ya zenera lolowera. Malinga ndi zaka za bokosilo, lidzakupatsani njira ya mafunso atatu achinsinsi, ya fayilo yobwezera pasiwedi yotchedwa GUID imene inasungidwa pa fulashi tsiku loyamba, ya imelo imene inalembetsedwa, kapena ya Hik-Connect. Zonsezi n'zabwino kwa munthu amene waiwala pasiwedi yake, koma kwa wolowa nyumba sizithandiza, chifukwa mayankho, fulashi, imelo ndi akaunti zili ndi munthu wina. Ngati mwini wakaleyo akupezeka ndipo ndi munthu womasuka, muimbireni: mujambule QR imene yaoneka pa sikirini, iye alandire khodi pa imelo yake n'kukutumizirani. Ntchito yonse imatha pa mphindi zochepa.

Akakhala kuti sakupezeka, ndi pamene SADP imalowa. Ndi pulogalamu yaing'ono yaulere, ndipo muitenge pa webusaiti ya Hikvision yeniyeni, osati pa malinki a pansi pa mavidiyo a YouTube. Ikani pa laputopu, zimitsani Wi-Fi, ndipo lumikizani waya kuchokera pa laputopu kupita pa khomo lolembedwa LAN kuseri kwa bokosi. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imapeza chipangizo ngakhale adiresi yake ya pa netiweki, yotchedwa IP, ili ya gulu losiyana ndi ya laputopu yanu, zimene zimachitika kawirikawiri chifukwa bokosilo linaikidwira rauta ina. Pa mzere umodzi imaonetsa dzina la mtundu, IP, siriyo yonse, mtundu wa firmware (pulogalamu yoyendetsa bokosilo) ndi nthawi imene linayaka. Ikapanda kuonetsa kanthu, kawirikawiri wolakwa ndi chitetezo cha Windows chotchedwa firewall kapena antivayirasi. Zimitsani kwa kanthawi n'kudina Refresh. Ndi bwino kupatsa laputopu IP ya gulu limodzi ndi bokosi musanapitirire: likakhala pa 192.168.1.64, laputopu muiike pa 192.168.1.10.

Chongani chipangizocho, dinani Forgot Password, kenako Export. Pamatuluka fayilo ya XML yokhala ndi siriyo m'dzina lake. Imeneyi mumatumiza kwa othandiza makasitomala a Hikvision a chigawo chanu, kapena kwa wogulitsa wovomerezeka amene analowetsa chipangizocho m'dziko. Iwo amakubwezerani fayilo ina, imene mumailowetsa pa zenera lomwelo posankha Import File, n'kulemba pasiwedi yatsopano kawiri. Musaitsegule fayiloyo kapena kuisintha dzina. Phatikizanipo chithunzi cha sitika, ndipo khalani ndi pepala losonyeza kuti nyumbayo ndi yanu tsopano, chifukwa angafune umboni. Kufunsa kumeneko sitikukuona ngati chipongwe. Bwenzi zili zoopsa akanamapereka kiyi kwa aliyense wonyamula bokosi.

Apa ndi pamene njirayi imavutira kuno. Fayilo imene mwatumiza imamangidwa pa momwe bokosi lilili pa nthawiyo. Likazima n'kuyakanso, kapena mukadinanso Export kachiwiri, yankho limene akutumizireni limakanidwa, ndipo mumayambiranso. Yankholo nalonso limakhala ndi moyo waufupi, tsiku limodzi kapena awiri. Tsono taganizirani: mwatumiza m'mawa, ESCOM yathimitsa magetsi masana, yankho lafika madzulo. SADP imangolemba kuti zakanika, osanena chifukwa chake, ndipo munthu amayamba kukayikira wogulitsa kapena kuganiza kuti bokosi linafa. Zoti bokosi lisazime zinafunika kulembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa zenera la Export, koma ambiri amazidziwa atalephera kale. Mankhwala ake ndi osavuta. Lumikizani bokosi ku UPS, kabokosi ka batire kopereka moto magetsi akathima, kapena ku invata musanatulutse fayilo. DVR yokhala ndi disiki imodzi imadya moto wochepa, mawati osapitirira makumi awiri, ndipo mukazula makamera pa NVR ya PoE kwa tsikulo batire limakhalitsa kwambiri. Tumizani Lolemba kapena Lachiwiri m'mawa, osati Lachisanu madzulo. Mmisiri amene ali ndi akaunti ya Hik-Partner Pro, pulogalamu ya amisiri ya kampaniyi, amatha kufupikitsa kudikira kumeneku, ndipo ndalama imene mumam'patsa ndi ya ntchito yake, osati ya khodi.

Zipangizo zakale kwambiri sizitulutsa fayilo, zimafuna khodi yaifupi imene imawerengedwa kuchokera pa siriyo ndi deti. Deti lake ndi limene bokosi likuonetsa, osati la pakalendala. M'kati muli kabatire kozungulira kosunga nthawi, ndipo kakatha bokosi limabwerera ku 1970 nthawi iliyonse magetsi akathima. Mukatumiza deti la lero pamene bokosi likuti 1970, khodiyo siigwira. Pa nkhani ya kabatireka, pali mphekesera yakuti mukakachotsa kwa mphindi zingapo pasiwedi imafufutika. Pa Hikvision sizitero, mumangosokoneza wotchi. Chenjeraninso ndi mawebusaiti ndi anthu a pa WhatsApp olonjeza khodi yapompopompo. Zimene amagwiritsa ntchito zimagwira pa firmware yakale yokha, ndipo mukawapatsa siriyo ndi Verification Code mwapereka zonse zimene munthu amafunikira kuti aike makamera anu pa akaunti yake akangomasulidwa ku akaunti ya mwini wakale.

Chinanso choti mudziwe n'chakuti Hikvision imathandiza zipangizo za dzina lake. Pali mabokosi a mayina ena, monga ena a Annke ndi LTS, amene anapangidwa ndi Hikvision ndipo SADP imawaona, koma fayilo yake muyenera kuitumiza kwa eni dzinalo. Nazonso zipangizo zimene zinapangidwira msika wa ku China n'kubwera m'chikwama cha munthu zimavuta: ofesi ya chigawo chino ikhoza kukubwezani kwa amene anagulitsa, munthu amene simukumudziwa n'komwe.

Tinene kuti mwalowa, sikirini ikuonetsa geti ndi khonde. Ambiri amalekera pomwepa, ndipo ndi pamene timadandaula kwambiri ndi kapangidwe ka Hikvision. Pasiwedi ya admin ndi akaunti ya Hik-Connect ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bokosi limamangidwa ku akaunti imodzi yokha pa maseva a kampaniyo, ndipo chingwe chimenecho sichiduka mukasintha pasiwedi. Sichidukanso ngakhale mutabwezera bokosi momwe linachokera kufakitale. Zili ngati kusintha loko wa chitseko cha kumaso pamene kiyi wa kuseri akadali m'thumba la amene anasamuka. Palibe uthenga uliwonse umene umatuluka pa sikirini wokuchenjezani. Mumangozindikira pamene mukufuna kuika bokosi pa foni yanu, n'kuuzidwa kuti linaikidwa kale ndi akaunti ina. Amene safuna zoonera pafoni sazindikira n'komwe.

Kuti mumasule, bwezerani waya ku rauta kuti bokosi ndi laputopu zonse zikhale pa netiweki imodzi yokhala ndi intaneti. Mu SADP yatsopano muli batani la Unbind pamwamba. Chongani chipangizo, dinani batanilo, lembani admin ndi pasiwedi yanu yatsopano, ndi zilembo za pachithunzi zimene ikuonetseni. Zomwezo zimatheka pafoni: foni ikhale pa Wi-Fi ya rauta yomweyo, osati pa data, jambulani QR ya bokosi mu Hik-Connect, ndipo ikanena kuti lili ndi mwini idzakupatsani mwayi womasula. Mabokosi a firmware yatsopano ali ndi batani lomwelo pa sikirini, pa tsamba la Platform Access m'gawo la Network. Chimene tikuyamikira apa n'chakuti amafuna zinthu ziwiri pamodzi, pasiwedi ndi kupezeka m'nyumbamo, choncho munthu wakutali sangakulandeni. Mukamasula, onse amene mwini wakale anawagawira, kaya mkazi wake, mlonda kapena mmisiri, amachoka limodzi naye.

Musachedwe kuika bokosilo pa akaunti yanu. Potsegula akaunti sankhani dziko limene makamera ali, chifukwa silisinthika pambuyo pake. Pa tsamba lomwelo la Platform Access sinthani Verification Code, ikhale yanu ya zilembo 6 mpaka 12, ndipo yatsani Stream Encryption kuti zithunzi zisatseguke popanda khodiyo. Kenako pitani pa User. Amisiri ena amasiya dzina lachiwiri loti azilowera akaitanidwa, ndipo kubwezera pasiwedi ya admin sikulikhudza. Fufutani dzina lililonse limene simukulidziwa. Njira yachidule ndi kupita pa Maintenance, kenako Default. Pali zosankha zitatu, ndipo yoyamba, Restore Defaults, imasiya mayina ndi za netiweki momwe zinalili, ndiye siikuthandizani. Factory Defaults ndi imene imachotsa zonse. Koma ngati muli ndi NVR, musaidine musanawerenge ndime yotsatirayi.

Makamera a netiweki amasunga pasiwedi yakale m'kati mwawo, ndipo NVR imaikumbukira n'kumalowera nayo. Mukafufuta zonse pa NVR musanasinthe ya makamera, bokosi limaiwala, ndipo mawindo onse amada, pa mndandanda wa makamera n'kulemba kuti dzina kapena pasiwedi ndi yolakwika. Nthawi yabwino yokonzera zimenezi ndi pamene mukulemba pasiwedi yatsopano mu SADP: ngati pali kabokosi kofunsa kuti makamera atengenso pasiwedi yomweyo, kachongeni makamera onse ali olumikizidwa. Ngati mwaphonya, kamera iliyonse iyenera kubwezeredwa payokha. Makamera a pa makomo a PoE saoneka mu SADP mukakhala pa rauta, chifukwa amakhala pa netiweki yawoyawo ya m'kati, ya 192.168.254. Lumikizani laputopu pa khomo limodzi la PoE lopanda kanthu ndipo onse adzaoneka. Ambiri ali ndi kabatani ka Reset pafupi ndi polowetsa memore khadi, kuseri kwa kachitseko ka masikuluwu awiri. Zulani waya, dinikizani kabataniko, bwezerani waya musanakasiye, ndipo mupitirize kukagwira masekondi khumi kapena kuposerako pang'ono. Pamafunika anthu awiri, wina pamakwerero wina pabokosi. Kamera ikabwerera poyambira, NVR imaipatsa yokha pasiwedi yatsopano. Yopanda kabatani imafuna fayilo yakeyake ya XML, ndipo pa makamera asanu ndi atatu ntchitoyi imatopetsa, ngakhale SADP imalola kutulutsa mafayilo onse nthawi imodzi.

Poyerekeza ndi ena, Hikvision ili pakati. Dahua, kampani ina ya makamera, imadalira kwambiri QR ndi imelo imene inalembetsedwa kudzera pa pulogalamu yake ya pafoni ya DMSS, koma mabokosi ake ena ali ndi kabatani pa bolodi ya m'kati kamene kamafufuta zonse popanda kulembera aliyense. Makamera a Ring, amene abale a ku UK ndi ku Joni amawapeza pazitseko, ndi ouma kwambiri: chipangizo chikadali pa akaunti ya mwini wakale, simungachiike pa yanu ngakhale mutadina Reset kangati. Kwa Hikvision mwini watsopano amatha kumaliza zonse popanda mwini wakale, ndipo chimenechi n'chachikulu.

Si bokosi lililonse loyenera kulivutikira. Ngati ndi DVR yakale ndipo thandizo likuchedwa, gulani ina n'kusamutsa mawaya a BNC. Makamera, mawaya ndi ma adaputala, zimene zimadya ndalama zambiri poika, zimakhala zomwezo. DVR zambiri za masiku ano zimalandira makamera a mitundu ya TVI, AHD, CVI ndi analogi yakale, ndiye simukakamizidwa kugula dzina lomwelo. Ngati mukusunga lakale, onani firmware. Mu 2017 ndi mu 2021 munapezeka ming'alu ikuluikulu m'zipangizo zina za Hikvision, yodziwika ndi manambala CVE-2017-7921 ndi CVE-2021-36260, imene inkalola munthu kulowa popanda pasiwedi. Kampaniyo inatulutsa zokonza, koma bokosi limene lakhala m'kabati zaka zambiri mwina silinalandirepo. Tengani firmware ya mtundu wanu weniweni, ndipo muiike bokosi lili pa UPS, chifukwa magetsi akathima pakati limatha kufa. Zimitsaninso UPnP, imene imatsegula yokha makomo a intaneti pa rauta, pa tsamba la NAT, ndipo ngati rauta nayo munaipeza m'nyumbamo, ibwezereni poyambira kuti makomo 80, 554 ndi 8000 asakhale otsekula. Hik-Connect siwafuna makomo amenewa.

Kwa amene akuchita lendi, makamera ndi a landilodi mpaka mutagwirizana zina. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu wina popanda chilolezo, choncho pemphani kaye, ndipo zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp. Pomwepo mugwirizane kuti akaunti ikhala ya ndani. Ife tikuona kuti iyenera kukhala ya amene akugona m'nyumbamo. Landilodi akakana, muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti kamera iliyonse yoloza pakhonde, pawindo kapena m'nyumba izulidwe.

Disiki ndi imene imakalamba msanga. Pa Maintenance pali tsamba la S.M.A.R.T.: mzere wa Power-on Hours ukadutsa 26,000 ndiye kuti yazungulira pafupifupi zaka zitatu osapuma, ndipo mzere wa Reallocated Sector Count ukayamba kukwera, isintheni. Bokosi likamalira mosalekeza, kawirikawiri ndi disiki yomweyo. Gulani yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, osati yochotsa mu kompyuta yakale. Kamera imodzi ya 2MP pa 2 Mbps imadya pafupifupi 21.6GB patsiku, ndiye makamera anayi amadzaza 1TB pa masiku khumi kapena khumi ndi limodzi, kusankha H.265, njira yochepetsa kukula kwa kanema, kapena kujambula pokhapokha china chikayenda kumatalikitsa masikuwo. Zimene munazipeza pa disikiyo ndi moyo wa banja lina, ana awo ndi alendo awo. Zifufuteni pa Storage posankha Init, pokhapokha ngati apolisi kapena mwini wakale anena kuti pali zimene akuzifuna.

Kamera ikamaoneka masana n'kuzima usiku, musathamangire kuinena kuti yafa. Magetsi ake a usiku akayaka imakoka moto wambiri, ndipo adaputala yotopa kapena waya wautali kwambiri amalephera kufikitsa 12V. Yolemba NO VIDEO, yang'anani mutu wa BNC wa panja, umene umachita dzimbiri nthawi ya dzinja. Ikani nthawi pa GMT+2 n'kuyatsa NTP, imene imakonza wotchi kudzera pa intaneti, chifukwa kanema wolembedwa 1970 amavuta kum'gwiritsa ntchito kupolisi. Pafoni muzionera pa Basic, osati HD: pa 512 kbps kamera imodzi imatha pafupifupi 230MB pa ola, ndipo bandulo imathera mbali zonse ziwiri, pa rauta ya kunyumba ndi pa foni yanu. Musanatseke kabati, lembetsani imelo yanu m'bokosi, yankhani mafunso atatu aja, tulutsani fayilo ya GUID pa fulashi, ndipo muitulutsenso nthawi iliyonse mukasintha pasiwedi, chifukwa yakaleyo imasiya kugwira.